Bambo anadwala sitiroko, mayi ali ndi shuga: ndisinthe chiyani pa kadyedwe?

Funso: Ndine mayi wa zaka 44, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana atatu. Bambo anga anadwala sitiroko, mayi anga ali ndi matenda a shuga. Mwezi watha ndinayezetsa BP, inali 138/88, ndipo anandiuza kuti ndisamale kadyedwe. Vuto ndi lakuti aliyense akundiuza zake: wina akuti ndisiyiretu zakudya zokhutitsa, wina akuti ndizimwa madzi a mandimu m'mawa, wina akufuna kundigulitsa tiyi wotsuka m'thupi. Ndisinthe chiyani kwenikweni, ndipo ndi muyezo wanji? Tonse timadya za mphika umodzi, sindingathe kumaphika zanga zapadera.

Yankho: Mayi, mphika wapadera simukuufuna. Kadyedwe kamene kangateteze mitsempha yanu ndi komwenso kakufunika kwa amuna anu ndi ana, ndiye chosintha ndi mphika umodzi womwewo. BP ya 138/88 sinafike pa 140/90, pamene madokotala ambiri amanena kuti munthu ali ndi matenda othamanga magazi, koma ili pakhomo penipeni. Ukaonjezera mbiri ya kubanja kwanu, ino ndi nthawi yabwino yoyambira, thupi lisanafike pofuna mankhwala.

Mfundo yaikulu ndi iyi: zimene zimadwalitsa kapena kuteteza munthu ndi zimene amadya tsiku ndi tsiku osaziganiziranso, makamaka mchere, shuga wa m'zakumwa, mafuta ophikira, ndi kuchepa kwa masamba ndi nyemba. Zinayi zimenezi zimayezeka. Ambiri amazithira ndi dzanja kapena ndi maso, ndipo dzanja limanama.

Mchere

Kwa inu, amene bambo anu anadwala sitiroko, mchere ndiwo woyamba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kuwerengera wonse, wa mumphika ndi wobisika m'zakudya zogula. Imeneyo ndi supuni ya tiyi imodzi yosadzaza bwino. Padziko lonse anthu amadya kuposa kawiri muyezo umenewu.

Chimene chimavuta mumchere ndi sodiyamu. Sodiyamu akachuluka m'magazi, impso zimasunga madzi kuti amusungunule, magazi amachuluka, ndipo amakankha makoma a mitsempha mwamphamvu kuposa kale. Zikapitirira zaka, makomawo amauma ndi kukhuthala. Timitsempha ting'onoting'ono ta muubongo ndi mu impso ndito timayamba kuwonongeka, ndipo kamodzi kakatsekeka kapena kuphulika muubongo ndiye sitiroko ija. Zonsezi zimachitika munthu osamva kupweteka paliponse.

Njira yosavuta yodziwira pamene muli ndi kulemba tsiku papaketi ya mchere mukaitsegula. Anthu asanu, aliyense magalamu 5, ndi magalamu 25 patsiku, choncho paketi ya magalamu 500 iyenera kutha masiku 20. Koma ana amafunika wocheperapo, komanso mchere wina ukulowa kudzera mu buledi, majarini ndi zokometsera, ndiye cholinga chanu chikhale chakuti paketiyo ithe mwezi wathunthu kapena kuposerapo. Ikamatha m'masabata awiri, aliyense akudya magalamu 7 a mumphika mokha, osawerengera wina aliyense.

Wobisikayo ali m'makiyubu ndi ufa wokometsera ndiwo (gawo lalikulu la zimenezi ndi mchere), soseji ndi polone, nsomba zoumitsa ndi mchere, zam'chitini, tchipisi tam'mapaketi, komanso soda wophikira, amene nayenso ndi sodiyamu ngakhale sakoma ngati mchere. Papaketi nthawi zambiri amalemba sodiyamu osati mchere. Chulukitsani nambalayo ndi 2.5: sodiyamu wa mamiligalamu 400 ndi galamu imodzi ya mchere. Chakudya chimene chili ndi mchere woposa magalamu 1.5 pa magalamu 100 aliwonse ndi chamchere wambiri, chosapitirira 0.3 ndi chamchere wochepa.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi kuchotsa mchere wonse tsiku limodzi. Ndiwo zimazizira, banja limadandaula, amuna amaitanitsa mchere patebulo ndi kuthira woposa uja munachotsa, ndipo pakatha masiku atatu zonse zabwerera mwakale. Lilime limazolowera, koma limafuna masabata angapo. Yezani ndi supuni mchere umene mumathira panopa, kenako chepetsaniko gawo limodzi mwa magawo anayi, mukhale pamenepo masabata awiri, n'kuchepetsanso. Kawirikawiri palibe amene amazindikira. Ngati mwathira kiyubu, musathirenso mchere; sankhani chimodzi. Anyezi wokazinga bwino, adyo, jinja, tomato wopsa, tsabola ndi madzi a ndimu ofinyira kumapeto zimadzaza malo amene mchere wasiya. Kabotolo ka mchere kachoke patebulo.

Mchere wochepa umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini, ndipo muzisunga m'chotsekera, pouma, chifukwa ayodini amauluka. Mchere wa pinki kapena wa m'nyanja umene umagulitsidwa ngati wathanzi uli ndi sodiyamu wofanana ndi wamba. Ulipo wina umene mbali ya sodiyamu anailowetsa m'malo ndi potaziyamu. Umathandizadi kutsitsa BP, koma ndi woopsa kwa munthu wodwala impso kapena womwa mankhwala ena a BP monga enalapril ndi spironolactone, choncho funsani kaye kuchipatala.

Shuga, makamaka wakumwa

Muyezo wa WHO ndi wakuti shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya. Kwa munthu wamkulu wamba amenewo ndi magalamu 50, masupuni a tiyi 12, ndipo kutsika mpaka masupuni 6 ndi kwabwino koposa. Chitini chimodzi cha chakumwa chozizilitsa kukhosi cha mamililita 330 chimakhala ndi magalamu pafupifupi 35, masupuni 9. Makapu atatu a tiyi, iliyonse masupuni atatu, ndi 9 enanso. Munthu wotereyu wafika 18 asanakhudze bisiketi kapena keke, ndipo akafunsidwa amati sadya zotsekemera.

Shuga wa m'madzi ndi wovuta pa zifukwa ziwiri. Amalowa m'magazi mwachangu, thupi n'kukakamizika kutulutsa insulini (madzi amene thupi limapanga kuti atsitse shuga m'magazi) wambiri nthawi imodzi. Komanso sakhutitsa: mukamwa botolo la chakumwa, mbale ya chakudya mumaimalizabe yonse. Mphamvu yotsalayo imasanduka mafuta, ambiri mwa iwo pamimba ndi m'chiwindi, ndipo mafuta a pamenepo ndiwo amachititsa kuti thupi lisamamvere insulini. Umo ndi mmene matenda a shuga a mtundu wachiwiri amayambira.

Uchi, shuga wabulauni ndi juwisi, ngakhale wofinya nokha, zonse zimawerengedwa mumuyezo uja. Chipatso chathunthu ndi mkaka wosathira shuga siziwerengedwa. Kuti mudzaze tambula ya juwisi mumafinya malalanje mwina atatu n'kutaya zotsalira, zimene zikanachedwetsa shugayo kulowa m'magazi; lalanje limodzi lodya ndi nkhambi zake limakukwanirani. Mu tiyi chotsani theka la supuni sabata iliyonse. Zakumwa za shuga zisakhale m'nyumba, zikhale za apo ndi apo.

Zokhutitsa musazisiye, zichepetseni ndi kuzisintha

Amene akukuuzani kuti musiyiretu mpunga, buledi, mbatata ndi zaufa akukupatsani lamulo limene anthu ochepa amalisunga kupitirira miyezi ingapo, ndipo mumphika wa banja la ana atatu silingatheke n'komwe. Mavuto a zokhutitsa ndi awiri: kuchuluka kwake pambale, ndi kuyeretsedwa kwake.

Gawani mbale ndi maso. Theka likhale masamba, gawo limodzi mwa anayi likhale chokhutitsa, lotsalalo nyemba, nsomba, mazira kapena nyama. Chokhutitsacho chikhale chachikulu ngati chibakera chanu. Wogwira ntchito ya thukuta tsiku lonse, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi mwana amene akukula msanga amafuna choposerapo. Muyezo wa chibakerawu ndi wa munthu wamkulu amene amakhala pansi nthawi yambiri.

Tirigu, mpunga kapena chimanga zikakonoledwa mpaka kuyera, gaga ndi kamtima ka mbewu zimachoka, ndipo zimapita ndi mavitamini a gulu la B, michere ina yofunika m'thupi, ndi fayiba, ndiko kuti mbali ya chomera imene mimba siigaya. Chotsala ndi sitachi amene amasanduka shuga msanga. Mbewu yosakonola imagayika pang'onopang'ono, shuga sakwera modzidzimutsa, ndipo njala imachedwa. Ngati banja likukana, sakanizani theka ndi theka poyamba: ufa woyera ndi wosakonola, mpunga woyera ndi wabulauni (wabulauniwo uyambe kuphikidwa, umachedwa kupsa).

Munthu wamkulu amafunika fayiba wosachepera magalamu 25 patsiku, ndipo apa nyemba zilibe mnzake: kapu imodzi ya nyemba kapena mphodza zophika ili ndi pafupifupi theka la muyezowo, kuonjezera zomanga thupi, potaziyamu ndi ayironi. Fayiba wina wa m'nyemba amagwira ndulu m'matumbo n'kutuluka nayo, chiwindi n'kutenga kolesitolo (mtundu wina wa mafuta) m'magazi kuti chipange ndulu ina, motero kolesitolo amatsika. Nyemba, nandolo, mphodza kapena soya zikamapezeka pambale kanayi kapena kuposerapo pasabata mwachita chinthu chachikulu, ndipo ndi chotsika mtengo kuposa nyama pafupifupi kulikonse. Chodandaula cha ambiri ndi mpweya m'mimba. Zinyikeni usiku wonse, tayani madziwo, phikani ndi madzi atsopano mpaka zifewe, ndipo yambani ndi theka la kapu. Tizilombo tothandiza ta m'matumbo timazolowera m'masabata awiri kapena atatu. Nyemba zofiira ziwire mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 poyamba, chifukwa zosapsa bwino zili ndi poizoni wosanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Fayiba akachuluka madzi akumwa achulukenso, apo ayi mudzadzimbidwa.

Cholakwika china chofala: munthu amadula chokhutitsa pakati koma osaonjezera masamba ndi nyemba. Ikamakwana 3 koloko masana njala yamugwira, akugula zokazinga za m'njira, ndipo pamapeto wadya zoposa zimene anachotsa. Onjezerani kaye, kenako chepetsani.

Masamba ndi zipatso

Muyezo ndi magalamu 400 patsiku, magawo asanu a magalamu 80. Gawo limodzi ndi nthochi kapena lalanje limodzi lapakatikati, kapena masupuni aakulu atatu odzaza a masamba ophika. Mbatata ndi chinangwa siziwerengedwa pano, zili m'gulu la zokhutitsa. Kwa anthu akuluakulu asanu imeneyi ndi makilogalamu awiri patsiku. Ana aang'ono amafuna zocheperapo, komabe mabanja ambiri akayeza amapeza kuti sakufika ngakhale theka. Sizifunika zodula kapena zochokera kutali. Zimene zili m'nyengo yake, zamitundu yosiyanasiyana, n'zokwanira.

Kwa inu phindu lake lalikulu ndi potaziyamu, amene amathandiza impso kutulutsa sodiyamu ndi kufewetsa makoma a mitsempha. N'chifukwa chake kuchepetsa mchere ndi kuchulukitsa masamba zikayendera limodzi, BP imatsika kuposa mmene ikanatsikira ndi chimodzi chokha.

Kaphikidwe kamatha kuwononga zonse. Tsukani masamba musanawadule, osati mutadula, poti mavitamini ena amasungunuka m'madzi n'kupita nawo. Madzi akhale ochepa, mphika wovundikira, mphindi zochepa, atsike pamoto adakali obiriwira, ndipo msuzi wake udyedwe. Soda amafewetsa msanga koma amapha vitamini C ndi ena a gulu la B. Kamafuta pang'ono n'kofunika pa karoti, maungu ndi masamba obiriwira kwambiri, chifukwa vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Ndipo ngati mukusambabe, samalani ayironi: tiyi ndi khofi zimatsekereza ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, choncho zitalikirane ndi chakudya ola limodzi, pamene tomato, ndimu kapena chipatso chodyera limodzi chimathandiza kuti alowe.

Mafuta ndi nyama

Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) 9, pamene ya sitachi kapena zomanga thupi ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi makalori pafupifupi 120, kaya mafutawo ndi a mtundu wanji kapena ndi odula chotani. Wothira kuchokera m'botolo mwachindunji amatha masupuni asanu kapena asanu ndi limodzi mumphika umodzi osadziwa. Muyezo wothandiza ndi masupuni aakulu awiri pamunthu patsiku. Kwa anthu asanu, lita imodzi ithe sabata yathunthu. Lembaninso tsiku pabotolo.

Mtundu wake nawo ndi nkhani. Mafuta amadzimadzi a mpendadzuwa, soya, mtedza kapena maolivi ndi abwino kumtima kuposa amene amaundana, monga batala, mafuta oyera a panyama, a kanjedza ndi a kokonati, amene amakweza kolesitolo woipa uja wotseka mitsempha. Oipitsitsa ndi amene analimbitsidwa kufakitale, opezeka m'majarini ena olimba ndi m'mabisiketi ena. Papaketi amalemba kuti partially hydrogenated, ndipo mukaona mawu amenewo bwezani pashelefu. Mafuta okazingira amene ada, akuchita thovu kapena akufuka msanga, atayeni.

Mtedza wosathira mchere, dzanja limodzi patsiku (magalamu 30), ndi chotolatola chabwino kuposa tchipisi. Koma sankhani bwino: mtedza ndi chimanga zochita chuku zimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuthetsa. Njere zofota, zosintha mtundu kapena zowawa zitayidwe, ndipo zotsalazo zisungidwe pouma.

Pa nyama, mu 2015 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika nyama yokonzedwa kufakitale, monga soseji, polone ndi bekoni, m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa, ndipo linati magalamu 50 tsiku lililonse amakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi pafupifupi 18 peresenti. Soseji ya pamwambo kamodzi pakanthawi si imene ikunenedwa. Ikunenedwa ndi ija yoika m'kabokosi ka mwana wasukulu tsiku lililonse. Nyama yofiira, ya ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba, isapitirire magalamu 350 mpaka 500 yophika pasabata, kumene kuli kudya katatu chidutswa chofanana ndi chikhatho chanu. Nsomba kawiri pasabata, nkhuku yochotsa chikopa ndi mazira zidzaze masiku enawo pamodzi ndi nyemba.

Za tiyi wotsuka m'thupi ndi madzi a mandimu

Ndalama zanu zisapite kumeneko. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi imagwiridwa ndi chiwindi ndi impso usana ndi usiku, ndipo palibe tiyi amene amaigwira m'malo mwake. Matiyi ambiri otere ali ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Sikelo imatsikadi, koma chachoka ndi madzi, ndipo amapita ndi potaziyamu yemwe uja mukumufuna. Zitsamba zina zosadziwika bwino zimavulaza chiwindi chenichenicho. Madzi a mandimu alibe vuto ngati mukuwakonda ndipo simuthiramo shuga kapena uchi, koma sasungunula mafuta. Ndi madzi okoma basi, ndipo mukamwa chukuchani mkamwa kuti asidi asadye mano.

Thupi, ndi zoyezetsa

Tengani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, n'kuchizunguliza pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Chikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Simukufunika kubwerera pathupi la utsikana. Kafukufuku wamkulu wa ku United States wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsata anthu amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Amene anapatsidwa cholinga chochepetsa thupi ndi 7 peresenti ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pasabata, chiopsezo chawo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 80, amenewo ndi makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi. Theka la kilogalamu pasabata ndi liwiro labwino. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngati mumamwa mowa, dziwani kuti umakweza BP mwachindunji ndipo galamu yake ili ndi makalori 7.

Musayambe zonse sabata imodzi. Mwezi woyamba gwirani mchere ndi zakumwa za shuga. Wachiwiri onjezerani masamba ndi nyemba, n'kuyamba kuyeza mafuta. Zokhutitsa zibwere pambuyo, mbale itadzaza kale ndi zina.

Popeza mayi anu ali ndi shuga, yezetsani wanu m'mawa musanadye. Kuyambira 7.0 mmol/L kupita m'mwamba, ukatsimikizika poyezanso, ndi matenda a shuga. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 ndi chenjezo. Ngati mayiwo amadya nanu ndipo amabaya insulini kapena kumwa mapilitsi monga glibenclamide, musawadulire chokhutitsa mwadzidzidzi kapena kuwalumphitsa chakudya, shuga angatsike mpaka kukomoka. Kusintha kwawo kuyende limodzi ndi amene amawalembera mankhwala.

BP yanu iyezedwenso masiku osiyanasiyana, mutakhala pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono uli pamulingo wa mtima, mutatha theka la ola osamwa khofi kapena tiyi. Lembani manambalawo m'kabuku pamodzi ndi tsiku, ndipo mukaonetse pakatha miyezi itatu. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamasiku awiri osiyana, kambiranani za mankhwala; kadyedwe kamapitirira limodzi ndi mapilitsi, sikalowa m'malo mwake. Ikafika 180/120, kapena mukaona nkhope yapotoka mbali imodzi, mkono wafooka, kapena mawu akutuluka mosamveka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.